Nsalu Yofiira pa Bwalo la Ndege

Kumudzi kwa a Andireya, mbali ya ku Madzimoyo, ngakhale mwana ankadziwa kuti mitambo ikada, chofiira chilichonse chibisidwe. Mpango, mikanda, mpaka tambala wofiira ankamuvundikira m'dengu. Akatekisiti ankadzudzula zimenezi m'tchalitchi, amvekere mphezi ilibe maso, koma anthu ankangosekera m'mimba, poti onse ankadziwa kuti buku lawo la nyimbo, lachikuto chofiira lija, limagona pansi pa mphasa kumwamba kukayamba kugunda.

A Andireya okha sankaseka. Mng'ono wawo Luka anali mesenjala wa ku Boma, ndipo mphezi inamupeza panjira atavala chisoti chofiira cha ntchito. Anakamutola ndi iwowo.

Ndiye onani mmene zinthu zimakhalira. Munthu yemweyo ndi amene anakhala kapitawo pa bwalo la ndege la ku Foti Jemusoni. Bwalolo linali dambo losalaza chabe, ndi shedi ya malata, ndi kanyumba ka wayilesi. Anyamata awo ankatchetcha udzu, kutola miyala, kugumula zulu ndi kukwirira maenje. Iwo ankakwera pansanja n'kumayang'ana mitambo ndi zing'aning'ani. Bwalo likakhala bwino ankayala nsalu zoyera, kutanthauza kuti tera apa. Pakakhala poipa ankayalapo nsalu yaitali yofiira, kuti woyendetsa ndege aidumphe n'kukatera kutsogolo. M'chilimwe zinalibe kanthu. Koma mvula yoyamba ikangogwa, nsalu yofiirayo ankaipinda okha, n'kuiponya mumgolo kuseri kwa shedi, masaka pamwamba, ndipo ankapemphera kuti mzungu wa pabwalo asaifunse.

Ketilina anali mtengwa pakhomo pawo. Anakwatiwa ndi mwana wawo Gabrieli, koma asanazolowere n'komwe kumutchula kuti amuna anga, Gabrieli analembedwa usilikali n'kupita ku nkhondo ya ku Bama. Ketilina anatsala ndi apongozi, kulima mtedza ndi thonje, mawu ake osamveka kupitirira pakhonde. Anali wamanyazi mwakuti ngakhale kwaya anaisiya chifukwa anthu ankamuyang'ana. Ndi a Andireya ndiye sankalankhulana maso ndi maso, monga mwa mwambo. Akawabweretsera thobwa ku bwalo ankagwada patali, n'kutuma Jairosi, msuweni wa Gabrieli, kuti akawauze atate kuti chakumwa chafika.

Ndipo kunena zoona, mwa onse oopa mphezi m'mudzimo, Ketilina ndiye anali mfumu yawo. Bingu likagunda ankalowa kuseri kwa mtondo, zala m'makutu, m'manja atafumbata kamtanda ka kanjedza wodalitsidwa. Jairosi ankati tsiku lina adzamupeza walowa mumtondo momwemo.

Nkhondo itatha, m'dzinja la 1945, Boazi, kalaliki wa wayilesi, anawanong'oneza a Andireya kuti asilikali ovulala akubwera pa ndege, ndipo Gabrieli ali momwemo. Mwendo unavulala, koma munthu ali moyo.

Kuyambira pamenepo mvula inachita ngati yamva. Masana aliwonse mitambo inkaunjikana chakum'mawa, mbali ya ku Mwami, yakuda bii, ndipo a Andireya ankatsika pansanja akupukusa mutu. Ndege ya makalata yochokera ku Nyasalandi inabwerera panjira. Ya asilikaliyo inanyamuka ku Lusaka n'kubwereranso. Achibale a asilikali ena anatopa n'kusiya kubwera. Ketilina yekha ankafika tsiku ndi tsiku ndi chipanda cha thobwa, chimene chinkangokhala chifukwa chake, n'kukhala phee pansi pa mtengo wa mango.

Tsiku lina kunacha bwino, kumwamba kuli mbee. Boazi anatuluka akuomba m'manja, akuti ndege yanyamuka ndipo lero ndi lero. Nsalu zoyera zinayalidwa. Mzungu wa pabwalo anakwera galimoto kukatenga adokotala ku Boma. Ketilina anali atavala deresi yake ya ukwati, yoyera, imene anaisita ndi simbi ya makala m'mamawa.

Dzuwa litapendeka pang'ono mphepo inasintha. A Andireya anaimva m'mphuno asanaione. Posakhalitsa mvula inafika ngati yochita kukhuthula, ndipo onse anathawira mushedi. Malata ankalira mwakuti munthu sankamva mnzake. Kenaka kunawala koopsa, phaa, ndipo mlongoti wa wayilesi unang'ambika pakati. Boazi anatulukira akudzandira, utsi uli pambuyo, akufuula ngati wogontha. Anati wayilesi yapsa. Mawu omaliza amene anamva ndi akuti ndege ili pafupi, kumbuyo kwake mvula yatseka njira, ndipo mafuta sangaifikitse kwina kulikonse. Itera pompano basi. Za mzungu uja panalibe choyembekezera, poti mtsinje wa panjira ya ku Boma unali utasefukira kale.

Mvula itapepukako, a Andireya anatuma Jairosi kuti ayende bwalo lonse. Madzi anali yalaa paudzu, osalala ngati mbale. Jairosi anapita akuimba mluzu, ndipo atangopitirira pang'ono nsalu zoyera zija, anangoti zii, kutsala chifuwa ndi mutu. Anyamata anayamba kuseka, koma kuseka kunathera pakhosi. Panali pamalo pamene anagumula chulu chachikulu m'chilimwe. Dothi lokwiriralo madzi anali atalikokolola, n'kusiya chigwembe chopingasa bwalo, chobisika pansi pa madzi, pamalo penipeni pamene mawilo a ndege ankadutsa.

Nthawi yokwirira panalibe. Kuyalapo nsalu yoyera kukanakhala kuitanira imfa. Aliyense ankadziwa chofunika, koma palibe anachitchula. Chakum'mawa mtambo wina unali kubwera, woposa woyamba uja, zing'aning'ani zikuthamanga mkati mwake ngati mizu ya moto.

Boazi ndiye analankhula, kuti atulutse yofiira ija aitsendereze ndi miyala. Jairosi, akukolopa matope m'khosi, anamufunsa kuti miyala yake iti, popeza zaka zonsezi akhala akulipidwa kuti pabwalo pasapezeke ngakhale kamwala koponyera mbalame. Ndi mphepo imeneyi nsalu ikanafuna anthu oigwira. Wina anati ali ndi ana aang'ono. Wina anayang'ana zala za kumapazi. Boazi anati iye ntchito yake ndi ya wayilesi, ndipo makutu ake akulirabe.

A Andireya anayenda mpaka pamgolo. Anachotsa thumba limodzi, lachiwiri, kufiira kunayamba kuoneka. Bingu linagunda. Manja awo anangouma pamenepo, ndipo Ketilina, amene anali kuseri kwa chitseko zala m'makutu, anaona milomo ya nkhalambayo ikutchula dzina la Luka.

Bingulo litatha anachotsa zala, ndipo m'pamene anamva kulira kwina, kwapansipansi, kosaleka. Sikunali kugunda kwa mvula.

Sanaganize zambiri, ndipo akanati aganize sakanapita. Analuma kamtanda kake ka kanjedza kuti manja akhale omasuka, nadutsa pakati pa amuna onse aja, nafika pafupi ndi apongozi ake kuposa mmene anayandikirapo chikwatiwire. Anachotsa kamtandako pakamwa.

"Atate, pepani. Patukani nditenge."

A Andireya anadzidzimuka kumva mawuwo akulunjika kwa iwo.

"Apongozi, bwererani. Ndinatola kale mmodzi ine."

"Mukapanda kupatuka mutolanso wina, atate. Ali m'mwambamu."

Ketilina anaikoka nsaluyo, yolemera, yonunkha nkhungu, naikumbatira pachifuwa n'kuyamba kuthamanga. Jairosi anamuitana, alamu, alamu, koma sanacheuke. Madzi ankamufika m'akakolo. Anagwa kawiri, ndipo pamene kumwamba kunawala anatsinzina, akuyembekeza kuti basi kwatha. Sikunathe. Anatsegula maso n'kupitiriza, akunena Tikuoneni Maria mosokoneza mawu.

Atafika m'mphepete mwa chigwembe anaitambasula. Mphepo inailanda pomwepo n'kuipota ngati chingwe. Anaponda mbali imodzi, ina inauluka. Anagwira iyo, iyi inamukulunga miyendo. Munthu mmodzi sakanatha. Kulira kwa ndege kunali kutakula, ndipo Ketilina anayamba kulira nayenso, osati chifukwa cha mphezi tsopano, koma chifukwa cha ukali.

Mwadzidzidzi nsalu inakungika. Atayang'ana kunsonga inayo anaona a Andireya, opanda chipewa, madzi akutsika m'ndevu, atakulunga nsaluyo padzanja kawiri. Nkhope yawo inali ya munthu woopa kwambiri, koma mapazi anali nji.

"Kokani, mayi," anatero. "Ikatipeza itipeze tonse."

Anakoka. Nsalu inatambasuka mopingasa bwalo, yofiira psu pamwamba pa madzi, ikuwomba ngati mbendera. Manyazi ndi chinthu champhamvu. Jairosi anafika akutukwana, akuti sangalole kuti kumudzi akamve kuti munthu wobisala kuseri kwa mtondo wamuposa, nagwira pakati. Pambuyo pake anafika wa ana aang'ono uja, kenaka ena onse, mpaka Boazi ndi nsapato zake za ku ofesi.

Ndege inatulukira pansi pa mtambo, mawilo ali kale panja, yolunjika pa nsalu zoyera. Inakula, inakula, mpaka Ketilina anaona mafuta akuda pamimba pake. Palibe anathawa. Kenaka injini zinabangula, mphuno inadzuka, ndipo inawadutsa pamutu ndi mphepo imene inawagwetsa m'matope, nsalu ili m'manja. Inazungulira patali, ching'aning'ani chikuwala kumbuyo kwake, ndipo inabweranso, ulendo uno m'mwambako pang'ono. Inadumpha mzere wofiira uja, n'kutera kutsogolo, madzi akuthovoka mbali zonse. Inaterereka, inagwedezeka, inaima kumapeto kwenikweni kwa bwalo, pafupi ndi munda wa chimanga.

Mphezi inagwadi. Inamenya mtengo wa mango uja, pamene Ketilina ankakhala masiku onse akudikira, n'kuusiya ukufuka. Chipanda cha thobwa sanachionenso.

Pamene ankafika pa ndege, asilikali anali akutsitsidwa. Woyendetsa ndegeyo anayenda wapansi kukaona chigwembe chija, ndipo atabwerako anavula chipewa n'kugwira chanza aliyense amene anali ndi manja ofiira. Pakuti utoto wa nsaluyo unali utasungunuka ndi mvula, ndipo onse anali ngati ochokera kophera ng'ombe. Koma palibe anafiira ngati Ketilina. Deresi ya ukwati ija, manja, khosi, mpaka masaya.

Gabrieli anatsika ndi ndodo ziwiri m'khwapa, wowonda, maso akulu. Anapatsana moni ndi bambo ake, ndipo ataona manja awo anangoti kukamwa yasa. Anati ali m'mwamba anasuzumira pawindo, ndipo anauza anzake kuti amenewo si anthu a kwathu, a kwathu sangagwire chofiira pa mvula, makamaka wamisala uyo anayamba kuthamanga yekhayo. Anafunsa kuti ameneyo ndani.

Jairosi anaseka mpaka kukhala pansi. Ketilina anali atagwada kale patali, mutu pansi, manyazi onse atabwerera, akulakalaka chigwembe chija chitamumeza. A Andireya sanatume munthu. Anapita okha, namugwira padzanja pamaso pa anthu onse, namuimiritsa.

"Wamisalayo ndi uyu. Uziwatchula bwino, ndi mayi athu awa."

Gabrieli anamuyang'ana nthawi yaitali. Ndodo imodzi inagwa, ndipo Ketilina, asanakumbukire kuti anthu akuona, anali atalowa kale m'khwapa mwake m'malo mwa ndodoyo.

Madzulo amenewo analowa m'mudzi ali pamzere, Gabrieli pangolo, amayi akuimba nthungululu kuyambira kumadimba. Kumwamba kunali kukugundabe chapatali. A Andireya ankayenda patsogolo, nsalu yofiira ili paphewa, akuti akaiyanike kunyumba kuti isawole. Akatekisiti anatuluka kudzaona, ndipo ataona nsaluyo anabwerera m'nyumba mwakachetechete. Atatulukanso, buku lachikuto chofiira linali m'manja, ndipo anayambitsa nyimbo yoyamika. Ketilina anaimba nawo, mokweza, manja ake ofiira ali paphewa pa mwamuna wake.