Filimu Yoyamba ya Tabita

Foni ya Tabita inagwera m'chitsime chaka chimene amayi ake anamwalira, ndipo inamira ndi zithunzi zonse za malemuwo. Panalibe ndi chimodzi chomwe chotsukidwa. Tabita anali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale ku Madisi, mayi wosamala zinthu, woti ngakhale batani lothothoka amalisunga m'kabotolo. Koma nkhope ya amayi ake anaisunga m'kanthu koterereka m'manja. Nkhaniyi inkamuwawa ndipo sankakonda kuikamba.

Bambo ake, a Elia, anali mkulu wa mpingo kumudzi kwawo kuseri kwa Malomo. Mpingowo unali utamanga tchalitchi chatsopano, ndipo chakalecho chinkayenera kugwetsedwa kuti malata ndi mitengo yake zikagwire ntchito ina. Njerwa za chakalecho a Elia anaumba nawo ali mnyamata, ukwati wawonso anamangitsira momwemo.

"Udzandijambule pakhomo pake chisanagwe," anamuuza choncho Tabita atapita kukawaona. "Koma osati za m'foni zako zija. Ndikufuna chithunzi chogwira m'manja."

Tabita anavomera msangamsanga, asakudziwa n'komwe kuti ayambira pati.

Mwayi wake unali kuseri kwa mpanda. Oyandikana naye nyumba, mayi Eleanor, namwino wopuma pantchito, ankasonkhanitsa kagulu ka anthu ojambula ndi filimu Loweruka lina lililonse. Anali ochepa, oti onse n'kukwana pa benchi limodzi. Anthu a pa Madisi ankawatchula kuti "a mdima", chifukwa ankadzitsekera m'kachipinda kotchinga mawindo ndi mabulangete n'kutulukamo akununkha mankhwala. Ena ankawaseka kuti akulimbana ndi zinthu zakufa kale pamene dziko lonse likujambula ndi chala chimodzi. Eniakewo kusekedwako ankakumva kukoma.

Tabita analowa pakhomopo ndi manyazi ngati mwana wochedwa m'kalasi. Anapeza anthu akumwa tiyi ndi mbatata pakhonde. Panali a Godwin, mlangizi wa zaulimi, amene ankaitanitsa mafilimu ndi mankhwala kudzera kwa mlamu wawo woyenda ku Joni. Panalinso a Elifala, nkhalamba yowonda ya chipewa chotuwa, imene kale inkazungulira midzi ya Dowa panjinga kujambula maukwati ndi makanda. Mabanja ambiri a ku Chezi ali ndi zithunzi zawo pakhoma, ngakhale dzina la wojambulayo anaiwala.

"Aphunzitsi, khalani apa," anatero mayi Eleanor akusuntha. "Kuno sitifunsa satifiketi."

Tabita atafotokoza za tchalitchi ndi za bambo ake, palibe anamuseka. A Elifala anatsegula chikwama n'kutulutsa kamera yakuda, yolemera, yokhala ndi zipsera m'makona.

"Iyi ndi ya alendo," anatero. "Yaphunzitsa onse mukuwaonawa. Muibweza mukadzapeza yanu."

A Godwin anamuikira m'manja kachitini ka filimu yatsopano, mphatso ya gulu. Kenako anamuonetsa kaikidwe kake pogwiritsa ntchito filimu ina yakufa: kukoka lilime lake, kulilowetsa m'kamphako ka mbali inayo, kutseka chitseko, kupukusa.

"Koma diso likhale pa kachitsulo aka kakumanzereka," anatero a Godwin. "Mukamapukusa, nakonso kazizungulira. Kakangokhala phee, ndiye kuti filimu sinagwire."

Tabita anagwedeza mutu, kugwedeza komwe kuja amagwedeza ana ake a Sitandade 4 akamva theka la zimene wanena.

"Lamulo lathu ndi limodzi," anawonjezera mayi Eleanor. "Filimu yoyamba mlendo amaika yekha, kunyumba kwake, popanda womuimirira pamutu."

Tabita anasangalala nalo lamuloli. Sankakonda kuyang'aniridwa.

Lamulungu lomaliza la tchalitchi chakale, a mdima onse anakwera naye minibasi. Tabita sanawapemphe, anangoti nawonso akufuna akaone mapiri a Ntchisi. Kunali m'nyengo yozizira, nkhungu itakakamira m'zigwa mpaka dzuwa litakwera, ndipo a Godwin anayenda njira yonse akudzudzula minda ya eni yolimidwa chotsetsereka. Anafika mapemphero atayamba, nakhala kumbuyo, makamera ali pamiyendo ngati makanda.

Anthu atatuluka, Tabita anayamba ntchito. Anali atamanga duku la amayi ake, lobiriwira, limene ankavala pa masiku akuluakulu okha. Anaimika bambo ake pakhomo, dzanja lili pa chitseko chimene chiswe chinali chitadya kumunsi. A Elia anakonza jekete, nakweza chibwano, naima chilili osaphethira. Tabita anajambula, napukusa, najambulanso. Anajambula mawindo, belu lopachikidwa pa mtengo wa mbawa, amayi a mvano akuseka. Kulira kwa kamerayo kunkamukomera m'makutu moti mtima unali m'malo.

Chimene chinkamusowetsa mtendere ndi a Elifala. A Godwin ndi mayi Eleanor anali atapita kukajambula zigafa za fodya kutsidya kwa msewu, koma nkhalambayi inangomatirira kumbuyo kwake. Iye akasuntha, nayonso inkasuntha. Akatembenuka, ankaipeza ikuyang'ana kumwamba ngati ikufuna mvula.

"Bambo Elifala, kodi ndikulakwitsa penapake?"

"Iyayi aphunzitsi. Ine ndikungowothera dzuwa."

Tabita anakwiya chamumtima. Lamulo lija loti mlendo asaimiriridwe pamutu linali la kunyumba kokha, eti? Anawasiya, poti munthu wamkulu sungamuthamangitse pabwalo la tchalitchi.

Lolemba lake achinyamata a mpingo anakwera padenga, ndipo pofika Lachitatu pamalopo panali mulu wa njerwa basi.

Loweruka Tabita anafika kwa mayi Eleanor m'mawa, filimu ili m'thumba la bulauzi. Mayiwo anamulowetsa m'kachipinda ka mdima kaja. Mumdima wa ndiweyani anamugwira zala n'kumuthandiza kukulunga filimuyo pa kagudumu, kuiika m'kabigiri kakuda ndi kutseka. Kenako anayatsa getsi. Anathira mankhwala oyamba, nagwedeza, nakhuthula, nathira ena. Tabita ankachita zonse mwaulemu ngati akusambitsa khanda. Atatsukuluza ndi madzi, mayi Eleanor anati, "Tulutsani nokha. Ndi yanu."

Anatuluka nayo pakhonde n'kuitambasula padzuwa, madzi akudontha m'zigongono. Inali yoyera mbee kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ankaona mtengo wa mapapaya wa mayi Eleanor kudzera m'filimuyo ngati pa galasi.

"Zithunzizo zimabwera pambuyo pake?" anafunsa motsitsa mawu.

A Godwin anaitenga, naiyang'ana m'mphepete, napukusa mutu. "Mankhwala agwira bwino. Koma sinagwire m'kamera, aphunzitsi. Tsiku lonse lija inangogona m'kachitini kake."

Tabita anakhala pansi pa sitepe. Anakumbukira kachitsulo kakumanzere kaja, kamene sanakayang'ane ngakhale kamodzi. M'maganizo anaona bambo ake atakweza chibwano, osaphethira, akudikira kanthu kamene sikankachitika. Chitsime chija chinamubwerera chonse. Kawiri konse, munthu mmodzi yemweyo. Misozi inagwera pa siketi iye asanaiganizire.

"Ndikawauza chiyani?" anatero. "Tchalitchi chagwa kale."

Mayi Eleanor anakhala pambali pake n'kumupukuta m'manja ndi nsalu. "Mwalowa gulu lero, aphunzitsi. Tonse pano filimu inatichitapo chipongwe chotere. A Godwin awa inawachita pa ubatizo wa mwana wawo yemwe."

"Ndi apongozi ali pomwepo," anavomera a Godwin mwachisoni.

Tabita sanaseke. Ubatizo wa eni unkamuthandiza chiyani?

A Elifala anamaliza kaye mbatata yawo, napukuta zala pa thalauza, naimirira pang'onopang'ono. Pa chingwe cha m'khonde panali filimu ina youma kale, yopanidwa ndi mapegi a zovala, imene Tabita anaidutsa polowa osaiona. Anaichotsa n'kumupatsa.

"Lamulo lija lili ndi mnzake," anatero. "Koma mnzakeyo mlendo sitimuuza. Akamajambula filimu yake yoyamba, mmodzi wa ife amayenda kumbuyo kwake n'kumajambula chimene iye akujambula. Filimu ya mlendo ikatuluka bwino, yathuyo imangolowa m'bokosi, ndipo iye amapita akudzitama. Ikakana, ndi imeneyi."

Tabita anaikweza padzuwa. Munali timakona tating'onoting'ono, zoyera zili zakuda ndi zakuda zili zoyera. Anazindikira khomo, belu, jekete ya bambo ake.

"Ndiye munaona kuti sinagwire, n'kungokhala chete?"

"Ndikanaona ndikanakuuzani. Maso anga safika pa kachitsulo kali m'manja mwa wina. Ine ndimangoyenda kumbuyo."

"Ndipo ine ndinkati mukundilonda."

"Ndinaona. Munandiyang'ana diso lina lake."

Apo m'pamene Tabita anaseka, misozi isanaume.

Anabwerera m'kachipinda kaja onse anayi, mothinana, nayatsa getsi lofiira. Mayi Eleanor anaika filimuyo pa makina okulitsira zithunzi, nawalitsa pepala, n'kulipereka kwa Tabita kuti aliviike yekha. Anagwedeza mbale ya mankhwalayo monga anamuuzira. Pepala linakhala loyera kwa kanthawi. Kenako khomo linayamba kutuluka, ndiye njerwa, ndiye a Elia, chibwano chili m'mwamba. Chakumanzere, pafupi kwambiri, kunatuluka msana wa mayi wa duku, atakweza zigongono.

"Pepani, msana wanu uli m'zithunzi zonse," anatero a Elifala. "Woyenda kumbuyo alibe pothawira. Tikhoza kuudula ngati mukufuna."

Tabita anauyang'ana. Sanauonepo msana wake chibadwire.

"Usiyeni kaye," anatero.

Potuluka, a Godwin anamupatsa filimu ina n'kumuuza kuti aiike pomwepo anthu akuona. Tabita anakoka lilime, natseka, napukusa, ndipo kachitsulo kakumanzere kanazungulira. A mdima anaomba m'manja ngati wapambana mayeso. Mayi Eleanor anamuuza kuti mlendo wotsatira akadzabwera, woyenda kumbuyo adzakhala iyeyo, ndipo ayambiretu kuphunzira kuyang'ana kumwamba.

Sabata yotsatira anapita nacho chithunzicho kumudzi atachiika pakati pa makatoni awiri. Anapeza bambo ake akusola chimanga pakhonde. Njira yonse ankakonza mawu oti afotokoze za filimu yosagwira ndi za msanawo, koma a Elia sanamupatse mpata. Anasasa m'manja, nalandira ndi manja awiri, nasunthira poyera chifukwa maso awo anali atayamba kuchita khungu. Anayang'ana khomo, nagwedeza mutu. Anadziyang'ana eni ake, nakonza kolala ngati ali pa kalilole.

Kenako chala chawo chinapita kumanzere n'kuima pa msana uja. 

"Ameneyo ndine, abambo," anatero Tabita. "Anajambula ndi a Elifala. Ngati wawononga chithunzi, akhoza kuudula."

"Ndikudziwa kuti ndiwe," anatero a Elia, chala chili pomwepo. "Koma taona phewa ili lotsikali. Taona phazi lapotokera kunja. Amako ankaima chonchi akamandidikira kuti nditseke tchalitchi."

Tabita anagwada pambali pawo, nayang'ananso. Duku lija linali lomangidwa mfundo yakumbali, monga amayi ake ankamangira.

"Usadule chilichonse," anatero a Elia. "Kandipezere msomali."