Mthiko wa Elube

Elube anaima pakhomo la galaja, manja m'chiuno, kuyang'ana Falesi akutakasa mowa ndi mthiko. Mthiko wake iye! Zaka zisanu ndi chimodzi, Loweruka lililonse, ndiye ankatakasa mowa wakuda wa bwana wawo ku Garsfontein, ku Joni, uja amati sitauti, wonunkha ngati khofi wopserera. Lero bwana akuti msana wa Elube wakalamba, azingotsuka ndowa.

"Amayi, tapumulani," anatero Falesi, mtsikana wa ku Ntcheu amene anangokwatiwa kumene ndi Gilbert wa m'gadeni.

"Iwe, kwanu sanakulange? Wogona ndi mwamuna sagwira mowa. Ndiwe wotentha, uusasitsa."

"Eish, ku Joni kuno?" Falesi anaseka. "Nanga inu muzizira mpaka liti, Amayi? Firiji yomwe imapumako magetsi akathima."

Panja Gilbert anaseka mpaka payipi inamupulumuka. Mwamuna wa Elube ali m'manda ku Dedza, ndipo kamwana aka kakumuseka, mthiko m'manja, mwamuna pakhomo.

"Mawu a akulu akoma akagonera," anatero Elube, nanyamula ndowa.

Lamulo la bwana ankalidziwa bwino: ndowa yosungiramo mowa, ukatha sopo, uitsukuluze ndi mankhwala opha tizilombo. Elube anangoithira madzi a pampopi, naipukuta ndi kansanza ka mbale. Usase basi, aone.

Patatha milungu iwiri bwana anavundukula ndowa ija. Pamwamba panayandama chikhungu choyera, fungo lake viniga weniweni. Unali mowa wokapikisana nawo ku kalabu yawo ya ofulula mowa.

"Ndinanena ine, bwana!" Elube anathamangira kulankhula m'Chingerezi chake chodukaduka. "Mtsikanayu ndi wotentha."

Bwana anagwira chipumi cha Falesi. "Akudwala?"

Gilbert anafotokoza za mwambowo, maso pansi, akukanda kukhosi. Bwana sanaseke.

"Za kuchipinda kwawo sizindikhudza. Zimene anatakasa Falesi zinawira ola lathunthu, palibe kachilombo kangapulumuke pamenepo. Ndowa anatsuka ndani?"

Elube anali asanaganizepo kuti munthu angafunse za ndowa, wotentha ali pomwepo. Bwana anatenga botolo la mankhwala pashelefu. Linali latsopano, chitsekero chosathyola.

"Elube, zaka zonsezi sunaiwalepo. Waiwala lero?"

Kunama kunamukanika. "Sindinaiwale."

"Bweretsa kiyi wa galaja."

Anamasula kiyi pa chingwe cha m'khosi. Bwana anampatsa Falesi. Mtsikanayo anamulandira ndi manja awiri, osaseka, ndipo zimenezo zinamuwawa Elube kuposa chipongwe cha firiji chija.

Loweruka lotsatira Elube anali kusita malaya m'chipinda chochapira, zenera atatseka, nsanza atatsekera pansi pa chitseko. Kugalaja kunkamveka Falesi akuimba nyimbo ya kwaya. Fungo linalowabe. Mphuno ya Elube inamuuza kuti mowa wayamba kugwira pansi pa mphika, moto wachuluka. Anaika simbi pansi, nafika pachitseko. Kenaka anabwerera, natenga malaya ena.