Malemu Atsatsa Mbewu

Foni ya Ruth inali isanapume chiyambire m'mawa. Anali atangotsegula shopu yake ya mbewu ndi feteleza pa Sinda, tsache likadali m'manja, koma alimi anali atayamba kale kuimba, ena ali ku Nyanje, ena ku Mkaika. Onse ankafuna chinthu chimodzi: chimanga chatsopano chocha msanga, chomwe chinali chitakhala pashelefu mwezi wathunthu popanda ngakhale wofunsa mtengo.

"Kodi anthuwa alota chiyani usiku wathawu?" Ruth anafunsa mlongo wake Owen, amene ankayendetsa naye shopuyo chibwerere kuchokera ku Lusaka.

Owen anamwetulira ngati munthu wotola chikwama pamsewu. "Asisi, ikani tsache pansi mumve. Ichi nachitumiza dzulo pagulupu."

Gulupu imeneyi inali ya pa Watsapu, ndipo ndiyo inkadyetsa shopuyo. Anaiyambitsa ndi Ruth yemwe. Sabata iliyonse ankapita kumudzi kukajambula mawu a mkulu wina, a Jairos, mlimi wa chimanga ndi nshawa, akulangiza anzawo za nthawi yobzala, za mbozi, za kasungidwe ka zokolola. Alimi ankawakhulupirira chifukwa sankanyengerera munthu. Mbewu ikakhala yachabechabe ankanena, ngakhale ikhale ya mushopu ya Ruth momwemo. Koma mwezi wa Juni a Jairos anadwala chibayo n'kutisiya. Kuchokera pamenepo gulupu inazizira, ndipo makasitomala anayamba kukwera minibasi kukagula ku Katete.

Owen anadina laputopu yake.

"Odi kumeneko, alimi anzanga! Ndi Jairos wanu uja. Chaka chino tiyeni tisinthe. Mbewu zamakolo zatha ntchito, pitani nazo kuchigayo. Gulani chimanga chatsopano kwa Ruth pa Sinda."

Tsache linagwa lokha. Mawuwo anali a a Jairos ndithu, kusasa kwake komweko, ndi kakhosomo kaja ka pakati pa mawu.

"Iwe Owen, a Jairos tinawaika m'manda ine ndilipo. Izi anakamba liti?"

"Sanakambe, asisi. Ni kompyuta chabe. Naipatsa mavoisi onse akale, yaphunzira kakambidwe kawo. Manje ine nilemba, iwo akamba. Ku Lusaka izi ni zakale."

"Wadzutsa wakufa kuti atigulitsire chimanga?"

"Ah, asisi, si ndimwe mumakamba kuti mawu a akulu akoma akagonera? Awa agonera miyezi inayi, onani mmene akomera!"

"Mwambi umenewo sanaupangire zopusa zakozo. Chotsa."

Koma nthawi yomweyo panjira panaima ngolo, mwini wake n'kulowa akufuula kuti amupatse matumba atatu a chimanga cha a Jairos. Pambuyo pake panabwera amayi awiri, kenako mphunzitsi wa panjinga. Ruth anagulitsa. Tinene zoona, mtima wake unkamutsutsa, koma manja ankalandira ndithu, ndipo za kuchotsa uthenga sanazitchulenso. Munthu amadziwa kudzinamiza akafuna. Iye anadziuza kuti chimangacho si choipa, ndipo a Jairos akanakhala moyo mwina akanachiyamikira.

Dzuwa litafika paliwombo, pakhomo panamveka odi wapansipansi. Ruth atadzutsa mutu anaona mayi wovala duku lakuda, thumba lili pamutu, mapazi atayera ndi fumbi. Anali a Lucia, mkazi wa malemu a Jairos.

"Amama! Mwayenda pansi dzuwa lonseli? Owen, landira katundu, bweretsa mpando."

Owen anatula thumbalo n'kuliika pambali pa kauntala, kenako anapeza chochita kuseri kwa matumba a feteleza. A Lucia anamwa madzi, anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, napereka moni mwadongosolo lake: za kunyumba, za ana, za kutentha kwa chaka chino. Nkhope yawo inali yowala. Chimwalirire amuna awo, Ruth anali asanawaonepo akumwetulira.

"Mwana wanga, ndabwera kudzathokoza," anatero. "Dzulo madzulo ndili pamjigo, mwana wa aneba akuti, agogo bwerani mumve. Kundiikira foni kukhutu. Ine kumva odi uja! Ndowa ndinaisiya pomwepo, madzi akusefukira. Ndamuvutitsa mwanayo, bwereza, bwereza, mpaka moto unatha m'foni."



"Usiku sindinagone," a Lucia anapitiriza. "Ndimati, kani bambo a Wezi anadziwa kuti akupita, n'kusiya mawu kwa Ruth kuti adzatiuze nthawi ya dzinja ikayandikira. Munthu uja anali wobisa zinthu! Ndiye ndamvera. Ichi ndi chimanga chathu chamakolo chija, chimene anapachika okha kukhitchini asanadwale. Ndachitsitsa, ndachitong'ola, ndikupita nacho kuchigayo. Pobwerera undipatse chatsopanocho."

Ruth anayang'ana thumba lija. Ankachidziwa chimangacho. A Jairos ankati anachilandira kwa amayi awo, ndipo chinapulumuka zilala zonse zimene iwo anaziona. Chigayo chinali kuseri kwa msika, ndipo kulira kwake kunkamveka mpaka mushopumo.

A Lucia anasendeza mpando pafupi, natsitsa mawu ngati mtsikana wofunsa za chibwenzi.

"Koma ndifunseko. Pa mawu amene anasiyawo, palibe pena pamene ananditchulako ine? Ngakhale pang'ono chabe. Paja tsiku lomaliza sanathe kukamba, ankangondiyang'ana."

Ruth anadziwa kuti Owen akumva, ndipo anadziwanso chimene chikanakhala chapafupi: kuwauza mayiwa kuti abwere mawa, usiku Owen n'kulemba mawu okoma, kompyuta n'kuwayankhula. A Lucia akanapita kwawo akuvina, ndipo akanafa nalo bodzalo ali osangalala. Ganizo limeneli linamufikira ndithu, ndipo anachita nalo mantha kuposa mmene anachitira ndi mawu a wakufa aja.

Anatuluka kukauntala n'kugwada pasimenti, patsogolo pa mayiwo.

"Amama, ndikhululukireni. Mawu amene munamva dzulo si a abambo."

"Iwe, ine ndingasokoneze mawu a mwamuna wanga?"

"Khosi ndi lawo, koma zokambazo si zawo. Ndi makina. Tinatenga mawu awo akale, makina n'kuwatsanzira, ife n'kuwauza zonena kuti chimanga chathu chigulidwe. Abambo sanasiye uthenga uliwonse. Sananenepo kuti mugayitse mbewu yanu."

Kuwala kuja kunachoka pankhope pa a Lucia pang'onopang'ono, Ruth akuona, ndipo zinamupweteka koposa kutukwanidwa.

"Wachita ndiwe?"

"Ndachita ndine, amama," Owen anatulukira, chipewa chili m'manja. "Asisi sanadziwe."

"Ndinadziwa m'mawa uno, ndipo ndagulitsabe mpaka pano," Ruth anatero. "Tonse tili momwemo."

Mayiwo sanakweze mawu. Anayang'ana manja awo ali pamiyendo.

"Titameta maliro, abale anagawana zonse monga mwa mwambo. Njinga anatenga mphwawo, jekete anatenga mwana wa mlongo wawo, ngakhale khasu linapeza mwini. Ine sindinadandaule. Ndimati chatsala n'chimene munthu sangachinyamule, mawu awo, ali m'mutu mwangamu. Kani inu munali nawo m'kabokosi, n'kumawatuma ntchito ngati mwana." Anapumira m'mwamba. "Munthu uja sankalowa pakhomo pa mnzake popanda odi. Inu mwalowa m'kamwa mwake osagogoda."



Ruth anadzuka n'kutenga foni. Anadina pojambulira, a Lucia akumva.

"Alimi anzanga, ndine Ruth wa pa Sinda. Uthenga wa dzulo uja sanakambe ndi a Jairos. Tinaupanga ndi kompyuta, popanda chilolezo cha banja lawo, ndipo tinalakwa. Musagayitse mbewu zanu zamakolo chifukwa cha ife. Amene mwagula chimanga chifukwa cha uthengawo, mukafuna bwezani, tidzalandira. Kuyambira lero, mawu alionse a pagulupu pano adzakhala a munthu wamoyo amene wavomera yekha."

Anatumiza. Sipanapite nthawi, foni inayamba kunjenjemera ngati yagwidwa ndi malungo. Wina analemba kuti ndi ufiti wachizungu. Wina anati matumba ake abweza mawa m'mawa. Ena anangotuluka m'gulupumo osatsanzika.

"Asisi, shopu yafa," Owen ananong'ona.

"Ikafa tidzaiika. Koma sitidzaidzutsa kuti izinama. Fufuta chinthu chakocho, amama akuona."

Owen anatembenuzira laputopu kwa mayiwo, ngakhale iwo sankadziwa chimene akuyang'ana, n'kufufuta. Kenako anazengereza, chala chili m'mwamba.

"Nanga aya enieni? Amene munajambula imwe kumudzi?"

"Amenewo si athu. Mwini wake ndi uyu wakhala apayu." Ruth anatembenukira kwa a Lucia. "Amama, alipo mawu awo enieni, ambiri ndithu, osadula n'komwe. Mukafuna tifufute, tifufuta. Mukafuna kuwatenga, ndi anu."

"Enieni? Osati a makina?"

"Enieni. Ndinkajambula ndine, pansi pa mtengo wa mango uja."

"Tayika amodzi ndimve. Ndidziwa ndekha."

Ruth anasankha a chaka chatha, a nthawi ngati yomweyi. Munayamba kumveka nkhuku, mbuzi ikulira patali, kenako kukhosomola.

"Odi kumeneko, alimi anzanga! Mvula yoyamba ija ndi chizimalupsa, musathamange nayo..."

Mwadzidzidzi munalowa mawu ena, a mzimayi, akufuula chapatali: "Bambo a Wezi! Madzi osamba akuzizira kuno!"

A Lucia anagwira pakamwa.

"Amake Wezi, ndili pa wailesi ine!" a Jairos anayankha m'laputopumo, kenako anaseka chiseko chawo chija chothera m'chifuwa. "Ruth, apa udule, anthu angadziwe kuti kwathu ndimalamulidwa. Koma pamene wadulapo usataye. Mayi ameneyu ukumumvayu ndiye amasankha mbewu pakhomo pano, chisononkho chilichonse chimadutsa m'manja mwake. Ine ndimangobwereka nzeru n'kudzatchuka nazo. Ndikadzatsogola, chimanga changa sichidzasowa mwini."

Ruth anali ataiwaliratu za mawu amenewa. Pagulupu sanapite, anawadula monga anauzidwira.

A Lucia analira, koma uku akuseka. "Wabodza! Madziwo anasamba ozizira tsiku limenelo, n'kunena kuti ndalakwa ndine." Anapukuta misozi ndi duku. "Ameneyu ndiye wanga. Wadzulo uja anali waulemu kwambiri, ndikanadziwa."

Owen anakopera mawu onse pa kamemore, kakhadi kosungira mawu, napempha mayiwo kuti aone akufufuta otsala m'laputopu. Ruth anatsitsa kawailesi ka pashelefu, kamene kankawasangalatsa mushopumo makasitomala akasowa, analowetsamo kamemoreko n'kuwaonetsa podina.

"Iwe mnyamata," a Lucia anatero akuimirira, "nzeru uli nazo, ndaona. Uzigogoda." Kenako anayang'ana Ruth. "Mtima wanga sunapole, usaganize kuti zatha. Koma wagwada, wanena zoona pamaso panga. Nditwike."

Ruth anagwira thumba mbali imodzi, Owen mbali inayo, n'kuwatwika. Pakhomo anakumana ndi mwini ngolo uja, nkhope ili gwa, matumba ake atatu ali m'ngolo. Ruth anamupempha kuti adikire pang'ono, ndipo anaima pakhonde kuwayang'ana mayiwo.

Pamphambano, njira ya kumanzere inkapita kuchigayo. A Lucia sanayang'aneko n'komwe. Anakhotera kumanja, njira ya kumudzi, mbewu ili pamutu, kawailesi kali m'chitenje pachifuwa. Ali chapatali ndithu, Ruth anamva kukhosomola kuja, kenako odi, ndipo anamva mayiwo akuyankha okha panjira, "Lowani, bambo a Wezi."