Fomu Yosafunsa Chipani

Kunali kutatsala masiku asanu kuti Eliness akalembetse ku yunivesite, koma bambo ake, a Cosmas Ngozo, anali atakana kwamtuwagalu. Akanapanda kukafika Lolemba, malo ake akanatayika.

Chodabwitsa n'chakuti tsiku limene dzina la Eliness linatuluka, amene anavina kuposa onse anali a Ngozo omwewo. Anasiya khasu m'munda wa mbatatesi n'kuzungulira mudzi wonse, kuuza ngakhale anthu amene sanafunse. Nthungululu zinamveka mpaka ku mishoni ya Nzama. Zinthu zinasokonekera pamene anafunsa mwana wawo zimene akukaphunzira.

"Ndikukaphunzira kayendetsedwe ka boma ndi kutumikira anthu, bambo," anatero Eliness.

"Kuyendetsa boma? Ndiye ndaletu zimenezo!" a Ngozo anadzuma. "Ndakuphunzitsa zaka zonsezi kuti uzikavala nsalu ya chipani n'kumakuwa pamsonkhano? Pakhomo panga ayi."

Tisawaseke kwambiri a Ngozo. Pa zisankho zoyamba za zipani zambiri anakangana ndi akulu awo, a Dyton, chifukwa wina anakonda chipani ichi, wina icho. Kuyambira pamenepo abale awiriwa ankangopatsana moni wa pamaliro. Kwa a Ngozo, boma ndi ndale chinali chinthu chimodzi, ndipo chinali chitawalanda kale m'bale wawo.

Akazi awo, mayi Lufina, anayesa kuwanyengerera. "Bambo a Eliness, bwanji osafunsako kwa odziwa? Safunsa anadya phula."

"Ndifunsenso chiyani? Mawuwo ndawamva ndi makutu angawa."

Eliness anakhumudwa kwambiri, koma katundu wake sanamutulutse m'sutikesi.

Lachinayi m'mawa, a Ngozo ndi Eliness akuthirira kudimba, anamva njinga yamoto ikulira momvetsa chisoni. Inali itatitimira m'matope pakhwawa, ndipo mayi wina wovala majombo ankalimbana nayo. A Ngozo ndi munthu wokakamira, koma si wouma mtima. Anathamanga n'kukankha mpaka njingayo inatuluka, matope atawathovukira mpaka m'ndevu.

"Zikomo kwambiri, bambo. Ndine Loyce Kachingwe, ndimagwira ntchito ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kukhonsolo," anatero mayiyo. "Kodi kwa a Dyton Ngozo ndilowera kuti? Mdzukulu wawo wosayenda uja tamupezera njinga ya olumala, ndiye ndikukamalizitsa mapepala."

A Ngozo anatong'ola maso. "A Dyton? Mwasokera, mayi. Amenewo ndi akulu anga, ndipo chipani chawo si chimene chikulamula. Boma lingawapatse kanthu?"

Mayi Kachingwe anaseka, n'kutulutsa fomu m'chikwama. "Tawerengani nokha. Mukapeza pofunsa chipani, njinga yamotoyi ndikusiyirani."

A Ngozo anapukuta manja pamalaya n'kuyamba kuwerenga, chala chikutsata mzere ndi mzere. Dzina. Zaka. Mudzi. Vuto la mwana. Anatembenuza pepala, anayang'ana kumbuyo, anayang'ananso m'munsi mwenimweni mwa tizilembo ting'onoting'ono. Njinga yamoto ankaifunadi, koma pofunsa chipani sanapapeze.

"Palibe," anavomera motsitsa mawu. "Nanga inuyo muli chipani chanji?"

"Voti yanga ndi chinsinsi changa, ngati yanunso. Koma pantchito malamulo satilola kuchita ndale. Ine ndagwira ntchito maboma atatu akusinthana, tebulo langa ndi lomwe lija. Andale amasankhidwa ndi mavoti, amabwera n'kupita. Ife timalembedwa ntchito chifukwa cha maphunziro, ndipo timatumikira aliyense."

Apa Eliness analimba mtima. "Pepani amayi, munaphunzira chiyani kuti mupeze ntchito imeneyi?"

"Kayendetsedwe ka boma ndi kutumikira anthu, zaka zinayi ku yunivesite."

Eliness anayang'ana bambo ake. Bambo ake anayang'ana mbatatesi.

"Mwana wanuyu wakuyang'anani ngati pali nkhani," anatero mayi Kachingwe. Atamva zonse, anakhala pamwala n'kufotokoza bwinobwino. Anati kumeneko Eliness akaphunzira malamulo a dziko, ndi mmene khonsolo imakonzera mapulani kuti mjigo ukumbidwe kumene kulidi ludzu, osati kumene kuli wodziwika. Akaphunzira kumvetsera anthu pamsonkhano wa chitukuko ndi kulemba madandaulo awo kuti akafike koyenera. Asanamalize, adzatumizidwanso ku maofesi ndi m'midzi kukayeserera ntchito.

"Ndiye sakavina pamsonkhano?" a Ngozo anafunsabe, kuti atsimikize.

"Akavina tsiku lolandira digiri, ndipo inu mukavina naye. Komanso, bambo, taganizani. Ine ndine wa kuchigwa. Khwawa ili sindimalidziwa, n'chifukwa chake ndatitimira. Mukamukaniza mwanayu, m'maofesimo mudzakhala ndani wodziwa kuti kuno mvula ikagwa, mbatatesi zimawolera m'munda chifukwa galimoto sizifika?"

Mawu amenewo anawalowa a Ngozo mpaka mumtima, pakuti chaka chapitacho anali atataya matumba ambiri. Kenaka anaphulika chiseko.

"Eliness, thamanga ukawauze amayi ako akazinge mtedza wa kamba wa paulendo. Ine ndiwaperekeze mayiwa kwa akulu anga, angatitimirenso."

Lamlungu Misa itatha, a Ngozo anapempha kuti alankhuleko panja pa tchalitchi. Anthu anadabwa, chifukwa munthuyu sakonda kuvomera kulakwa.

"Abale anga, ine ndinatsala pang'ono kumutsekera mwana wanga khomo chifukwa cha mawu awiri amene sindinawamvetse," anatero. "Ndinamva kuti kuyendetsa boma, ine basi ndale. Mwana wanu akakuuzani zimene akufuna kuphunzira, musathamangire kukana. Pitani mukafunse kwa aphunzitsi kapena kukhonsolo."

Amayi anaimba nthungululu, ndipo mayi Lufina anangoti, "Ndinanenatu ine," mokweza kuti aliyense amve.

Lolemba m'mamawa a Ngozo anasenza okha sutikesi mpaka kumsewu, osalola aliyense kuwalandira. Masana foni inalira ali kumunda. Anali Eliness.

"Bambo, ndalembetsa! Dzina langa lalowa, mawa tiyamba makalasi."

A Ngozo anasangalala mpaka misozi inalengeza. "Limbikira, mwana wanga. Ukaphunzire zonse, usasiyeko kanthu. Kuno tikudikira munthu wathu."

Ntchito ya boma si ntchito ya chipani. Ndi ntchito yotumikira munthu aliyense mosayang'ana nkhope, ndipo imafuna anthu ophunzira bwino, odziwa mavuto a kwawo. Makolo, tiwalole ana athu, aakazi ndi aamuna omwe, akaphunzire ntchito imeneyi.