Ena Ali M'njira

Mphunzitsi Gervazio adaiwerenga kalata kachitatu, chala chili pansi pa mawu atatu. Amayi a m'mudzi adali atamuzinga pakhonde la sukulu, makasu ali m'manja. Chidali chaka cha 1918, ndipo kalatayo idachokera ku boma. Inkanena za amuna asanu ndi anayi amene adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali ku nkhondo.

M'midzi yonse ya m'tsinde mwa Chongoni, wodziwa Chingerezi adali mphunzitsiyu yekha. Timawu tonena kuchuluka kwa anthu adatiloweza kwa bambo mfumu ngati katekisimu: "all of them", onsewo, "some of them", ena mwa iwo, "none of them", palibe ndi mmodzi yemwe. Lero omalizawo ndiwo adali papepala. Kamwazi adali atawamaliza onse.

"Alamu, kodi Chizungu chakutsamwani?" adaseka Magadalena, mkazi wa mng'ono wake Anselmo, mmodzi mwa otengedwawo. "Tiuzeni, kumunda kukutidikira."

Gervazio adagwidwa ndi mantha. Uthenga wa maliro saponya ngati mwala. Munthu amayamba wakhala pansi, nkunena kuti matenda akula. Nanga maliro asanu ndi anayi akadawayamba bwanji ali chiimire?

"Akuti ena ali m'njira," adatero motsitsa mawu.

Nthungululu zidamveka mpaka kudambo. Mayi aliyense adamuika wake m'gulu la enawo.

Magadalena adazira nyumba, naviika chimera cha mowa wolandirira mwamuna. Akangoona munthu akutsika phiri, ankataya khasu. Gervazio tsiku lililonse ankati anena mawa, koma paja zengerezu adalinda kwawukwawu. Miyezi iwiri idatha, iye akuonda ndi chisoni.

M'mawa wina Magadalena adamupeza akusesa pasukulu.

"Alamu, chimera chija chafumbwa. Ndiviike china?"

Gervazio adaika tsache pambali. Adavula chipewa, nakhala pansi padothi.

"Mlamu," adatero, "matenda akula."

Magadalena adamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka naye adakhala pansi.

"A Anselmo okha?"

"Onse."

"Mudadziwa tsiku lomwe lija?"

Gervazio adangowerama, misozi ikugwera pachipewa.

"Mukadanena, bwenzi titalira, titameta, pano tsitsi litameranso," adatero Magadalena.

Adanyamuka kukafuna lumo. Gervazio adatsala akuyang'ana mudzi. Padali makomo ena asanu ndi atatu oti akakhalepo pansi.