Jumbo Pamutu, Mankhwala M'tsitsi

Ndinamuuza. Wina asadzanene kuti agogo ake anangopenya. Ndinamuuza katatu konse: "Iwe mwana, mankhwala owongola tsitsiwo amadya khungu. Usawathamangitse."

Mdzukulu wangayu anaitanidwa ku ofesi ina kukayankha mafunso a ntchito, teni koloko m'mawa. Zaka ziwiri akuisaka ntchitoyo. Tsiku lakelo n'kudzuka mochedwa, tsitsi lili nyankhalala. Pachitini cha mankhwalawo akuti panalembedwa kuti ukapaka udikire mphindi makumi awiri. Kuwerenga sindidziwa, koma fungo lakelo linkalasa m'mphuno.

"Agogo, za sayansi zisiyeni," anatero akupaka. "Tinaphunzira kusukulu. Mankhwala akatenthedwa amagwira msanga. Ukawachulutsa, ndiye kuposa. Mphindi khumi ndathana nazo."

"Msangawo ndi umene ndikuopa ine. Mkaka ukausiya padzuwa umasasa msanga. Kodi umaimira pamene wafuna iwe?"

"Mutu wanga si mkaka, agogo."

Kundiseka! Ine amene ndinamusambitsa ali kakhanda!

Anamata mankhwalawo ngati akumata khoma, mpaka kumizu. Anavala jumbo pamutu, n'kumanga kuti nthunzi isatuluke. Monga izo sizinakwane, anatenga choumitsira tsitsi cha mayi ake n'kumadzipemerera mpweya wamoto, uku foni ili pawindo kuwerenga mphindi.

Ndinaima pakhomo la bafa, maso pa makutu ake. Anayamba kufiira.

"Sukumva kuwotcha?"

"Ndiye kuti akugwira ntchito."

"Vula jumboyo, ndakupempha."

"Zatsala mphindi zinayi, agogo. Pitani mukamwe tiyi."

Zinayizo sizinakwane. Anakuwa, n'kung'amba jumbo ija, mutu pansi pa mpopi. Ndinamuthira madzi ndi manja angawa, tsitsi likutsalira m'zala zanga ngati thonje lonyowa, lina likutseka potulukira madzi.

Mayi ake atathamanga kuchokera kuntchito, mawu oyamba anali akuti, "Amayi, inu munali kuti?" Ndinali kuti! Ndikanamumanga ndi chingwe? Mtsikana wa satifiketi, wamtali kundiposa? M'nyumba muno ndikalankhula amati agogo ndi amantha, zikavuta amati agogo sanalankhule.

Ku ofesi kuja sanapondeko. Teni koloko inamupeza pa benchi kuchipatala, thaulo lonyowa pamutu, bulauzi yosita bwino ili pamiyendo. Namwino anameta tsitsi lotsalalo kuti aone zilonda, ndipo anati pankhongo ndi kuseri kwa khutu mwina silidzameranso. Ntchito anapatsa wina.