Ndege ya Alamu Anga a Vinko

Alamu anga a Vinko anatha nyengo zitatu za chisanu akupanga ndege ija. Ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mbaula, akudula timatabwa topepuka n'kumatimata ndi guluu kamodzikamodzi. Mapiko ake anali otalika ngati munthu wotambasula manja. Anaikuta ndi nsalu yopyapyala, thupi n'kulipaka utoto wachikasu, mchira wofiira. Pamene ankaimaliza n'kuti dzanja lawo lamanja litayamba kale kunjenjemera. Pofika mwezi wa Epulo sankathanso kumwa khofi osamutayira patebulo. Adokotala a ku tauni anawapatsa mapiritsi, koma anawauza mosabisa kuti kunjenjemerako sikudzatha.

Ndegeyo inangokhala pamwamba pa kabati, isanaulukepo ndi kamodzi komwe. Tonse tinkadziwa kuti ikathyoka, ina sadzapanganso.

"Alamu, bwanji ndikakuulutsireni ine?" ndinatero tsiku lina.

"Inu a Mato? Ija ya chaka chija munakaiteretsa kuti?"

"Inali mphepo ija, alamu."

"Mphepo yake iti yodziwa njira ya kukhola la nkhumba za a Drago? Nkhumba zinadya phiko lonse. Iyi simuigwira. Muziiyang'ana mutaima patali."

Achemwali anga a Zdenka, omwe ndi akazi awo, anali kusenda mbatatesi pakhomo la khitchini.

"Ndiye ndiulutsa ine," anatero osadzutsa mutu.

Ine ndinaseka. A Vinko sanaseke. Anawayang'ana akazi awo kanthawi, kenako anati, "Amayiwa ndiye angathe."

Achemwali anayendetsa thirakitala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri pafamu ya boma, isanagulitsidwe. Rimoti ya ndege anali asanaigwirepo. Lamulungu lililonse ankangotiona tikudutsa ndi tindege tathu, n'kumati abambo a ndevu zaimvi akupita kokasewera.

Bwalo lathu ndi kamzere ka udzu wotchetcha, kuseri kwa bwalo la mpira. Mbali imodzi kuli chimanga cha a Drago, mnzathu wa zandege, mbali inayo kuli ngalande. Timakumanapo anthu asanu ndi anayi, Misa ikatha. Kumeneko ndi kumene ndinayamba kuwaphunzitsa achemwali, ndi kandege kanga kotchipa kozolowera kugwa. Marimoti athu awiri ndinkawalumikiza ndi chingwe, kuti zikavuta ndizilanda chiwongolero.

Zoyambirira anazigwira msanga. Kuima dzuwa lili kumsana. Kuyang'ana kansalu kamene tinamangirira pamtengo kuti udziwe kochokera mphepo, chifukwa ndege imatera itayang'anana ndi mphepo. Ndinawasonyeza njira yathu: umaipititsa kumunsi, umaikhotetsa pamwamba pa mtengo wa mabulosi, n'kuiwongola kuti nsanja ya tchalitchi ikhale kumbuyo kwa mchira wake. Ikatero ili pamzere.

"Musaikankhe mphuno pansi, achemwali. Ingochepetsani moto, itsika yokha. Ikafika msinkhu wa m'mawondo, kokani kamtengo ka parimotiko pang'ono, ngati mukudzutsa mwana. Mukaona kuti sizili bwino, onjezani moto, izungulirenso. Palibe amene amalipiritsa kuzungulira."

"Iwe umalongolola ngati wailesi," iwo ankatero, koma ankachita zomwe ndanenazo.

Chinawakanika ndi chimodzi. Ndege ikamapita kutali itakufulatira, kumanja kwake ndi kumanja kwako. Ikatembenuka n'kumabwera kwa iwe, zimasinthana: ukakankhira kamtengo kumanja, m'maso mwako imapendekera kumanzere. Ndipo potera ndege imabwera chakwa iwe nthawi zonse. Phiko likangopendekeka pang'ono, achemwali ankaliwongolera kolakwika, likapendekekanso n'kuwonjezera. Pansi pakakhala pafupi chingwe changa sichinkathandiza kanthu. Kandege kanga kanagwa m'chimanga, kanagwa m'ngalande, ulendo wachitatu kanawomba mtengo wa kansalu uja.

"Mayi Zdenka," anatero a Drago akutola zidutswa, "chimanga changa ndimakolola ndekha, musavutike."

"Chimanga chake chiti? Mapesi awawa? Ndinkakulimirani ine munda umenewu musanadziwe n'komwe giya ili."

Ndinayesa kuwauza mmene ena amatiphunzitsira, kuti ikamabwera uzikankhira kamtengo ku phiko lomwe latsika, ngati ukulichirikiza ndi mzati. Ankavomera tili pansi. Ikangotembenuka m'mwamba, zala zawo zinkachita zawozawo.

Tinafika kumapeto kwa Seputembala. Mvula ya Okutobala ikayamba, bwalo lathu limasanduka matope mpaka Epulo. A Vinko anati ndege yawo iuluke Lamulungu likubwerali.

"Dikirani chaka chamawa, alamu. Sanakonzeke."

"Chaka chamawa mwina mudzachita kundinyamula kuti ndifike kubwaloko. Ndikufuna ndiione nditaima ndi miyendo yanga."

Vuto lina linali loti rimoti ya a Vinko ndi yakalekale, ilibe polowetsa chingwe. Achemwali akanakhala okhaokha.

Loweruka ndinapita kukawanyengerera kuti akane. Ndinawapeza ali pathirakitala ya aneba, akulowetsa ngolo ya chimanga m'shedi chafutambuyo. Khomo la shedi imeneyo ndi lopapatiza, mwini wake amachita kumasula ngolo n'kuikankha ndi anthu. Iwo anapotoloza khosi, dzanja limodzi pachiwongolero, ngolo n'kulowa osakhudza mbali, uku akundikalipira kuti ndaima panjira. A Vinko anali pampando pakhonde, akuonerera. Za kukana zija achemwali sanafune kuzimva.

Lamulungu kunacha bwino, kamphepo kakuchokera kumadzulo. Anthu onse asanu ndi anayi anabwera, palibe amene anatulutsa ndege yake m'galimoto. A Drago anabweretsa botolo la rakiya, kachasu wa kwathu kuno, amvekere ndi la chikondwerero kapena la maliro, tiona. A Vinko anayang'ana mapiko ndi mchira ngati zikumvera rimoti, ine ndinalumikiza batire popeza zala zawo zinakanika. Sanandiletse. Batireyo inali ya mphindi zisanu ndi ziwiri.

Kunyamuka sikunavute. Ndege inathamanga pang'ono paudzu n'kudzuka yokha, yachikasu bwino, osapendekeka. Achemwali anaizungulitsa kawiri m'mwamba, mofatsa. A Vinko anaima pambali pawo, dzanja lonjenjemera lija ataliika m'thumba la jekete.

"Mphindi zinayi zatha," ndinatero. "Yambani kutsika."

Inapita kumunsi, inakhota pamtengo wa mabulosi, nsanja ya tchalitchi inakhala kumbuyo kwa mchira. Anachepetsa moto. Inkabwera bwinobwino mpaka pamene kamphepo kanaikankha, phiko limodzi n'kutsika. Anawongola. Linatsikanso kwambiri.

"Kumanja!" anakuwa a Drago.

"Kumanzere!" anakuwa wina.

"Moto, achemwali! Moto wonse!"

Anakankha moto. Ndege inadutsa pamwamba pa ngayaye za chimanga itapendekeka, n'kukwera. Itangowafulatira, anaiwongola mosavuta.

"Tsekani pakamwa nonsenu!" anatero achemwali. Khosi lawo linali litafiira. "Kumanja kwa ndani? Kwanga kapena kwake?"

Ndinayang'ana wotchi. Zinatsala mphindi ziwiri, ndipo batire ikamatha moto wokwerera sukhalapo. Panali mpata wa ulendo umodzi wokha.

"Mato, tenga," anatero chapansipansi, akundilozetsa rimoti, maso ali kumwamba.

Ndinatambasula dzanja. A Vinko analigwira ndi dzanja lawo labwino lija n'kulibweza.

"Amayi," anatero mosakweza mawu, "imeneyo ndi ngolo. Bwalo ili ndi shedi. Mumailowetsa bwanji?"

Ndege inafika pamtengo wa mabulosi n'kuyamba kukhota. Pamenepo achemwali anatembenuka thupi lonse, kuifulatira, n'kupotoloza khosi kuti aziiyang'anira paphewa.

"Ee, sitifulatira ndege!" anakuwa a Drago. "Mato, auze!"

Sindinawauze kanthu, chifukwa ndinaona chimene chachitika. Rimoti tsopano inaloza komwe ndege inkalowera. Kumanja kwa zala zawo kunakhalanso kumanja kwa ndege. Ndipo khosi limenelo linazolowera kupotoloka chonchi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

Phiko linatsika pang'ono, analidzutsa. Linatsika linalo, analidzutsanso, pang'onopang'ono, ngati mmene amachitira ndi chiwongolero. Moto anachepetsa. Ndege inadutsa pangodya ya chimanga, inafika msinkhu wa m'chiuno, wa m'mawondo.

"Kokani pang'ono," ndinanong'ona.

"Ndikudziwa, wailesi iwe."

Mateyala anagunda udzu, ndege inadumpha kamodzi, n'kukhalanso pansi. Inathamanga kutidutsa, n'kukaima chakumapeto kwa bwalo, patatsala mapazi asanu kuti ifike paudzu wautali. Achemwali anazimitsa moto. Anakhalabe chifulatire kanthawi, kenako anandipatsa rimoti n'kupukuta manja padiresi.

A Vinko anayenda okha kukafika pomwe inaima. Anatenga nthawi. Anagwada, anasisita phiko kuyambira kunsonga mpaka pathupi, kenako linalo, anagwedeza mchira, anasuzumira kunsi. Titafika tinawapeza akuchotsa udzu pateyala.

"Kawaya ka teyala kapindika," anatero. "Ndi pulayala basi."

"Chaka chamawa tonse tiziulutsa chafutambuyo," anatero a Drago akutsegula botolo. "Mayi Zdenka, mulandira tambula?"

"Theka. Ndili ndi nkhumba zoti ndikadyetse."

A Vinko anayesa kuinyamula ndege ija, koma dzanja linakana, phiko linkagwedezeka. Anayang'ana uku ndi uku. Achemwali anali ndi tambula m'manja.

"Alamu," anatero a Vinko, "tanyamulani. Mugwire pansi pa mapiko, osati kumchira. Ndipo mudutse kutali ndi khola la a Drago."

Ndinainyamula mpaka kugalimoto, iwo akuyenda pambuyo panga, akundiuza poponda.